Zilembo zongolowerera pa kiyibodi, ndi mayeso a EC amene sankaziona

Dandaulo la anzathu oyesa makina linali lalifupi: pa mayuniti ena, munthu akadina batani limodzi pakutuluka zilembo ziwiri. Wina analemba "saka", sikirini n'kuonetsa "sadka". Sizinkachitika nthawi zonse, ndipo mayuniti ambiri analibe vutoli ngakhale pang'ono. Makinawo ndi kalaputopu kolimba kogwirira ntchito panja, kamene tikukonzera kasitomala wina. Purosesa yake ndi ya ARM, koma kiyibodi imawerengedwa ndi kachipu kena kapadera, embedded controller, kamene tonse timangoti EC. Firmware ya EC-yo, pulogalamu yoyendetsa kachipuko, tinaitenga ku Chromium OS EC, ija Google inaika poyera, n'kuisintha kuti igwirizane ndi bolodi yathu. Mawaya a kiyibodi anayalidwa mofanana ndi a Chromebook.

Pamene dandauloli linkafika, mayeso onse a kiyibodi ankadutsa bwinobwino, a pa kompyuta ndi a pa bolodi omwe. Gwero la vuto silinavute kupeza. Ntchito yaikulu inali kumvetsa chifukwa chake mayesowo ankavomereza firmware yolemba zilembo zabodza, n'kuwakonza kuti asadzaivomerezenso.

Momwe EC imawerengera mabatani

Batani lililonse lilibe waya wakewake. Pali mawaya 13 otchedwa KSO, omwe ndi ma column, ndi mawaya 8 otchedwa KSI, omwe ndi ma row, ndipo batani limakhala pamene column yakumana ndi row. Malo onse ndi 104, koma si onse ali ndi batani. Row iliyonse imakokedwera ku 3.3 V ndi pull-up, resistor ya mkati mwa chipu yokwezera volteji m'mwamba. Ngati palibe akulemba, EC imatsitsa ma column onse ku 0 V n'kugona. Wina akadina batani, row yake imagwa, chizindikiro chotchedwa interrupt chimadzutsa EC, ndiye kuwerenga kumayamba: imatsitsa column 0 yokha, imadikira pang'ono, imawerenga ma row onse 8, imasiya column 0 n'kutsitsa column 1, mpaka kukafika pa 12.

Manambala onse a nthawi amene amalamulira kuwerengaku ali mu keyscan_config. Ife tinasiya manambala amene amabwera kale mu common/keyboard_scan.c: output_settle_us ya 50 µs (ma microsecond 50), kumene ndi kudikira kuja, scan_period_us ya 3 ms (kiyibodi yonse imawerengedwa kamodzi pa ma millisecond atatu aliwonse), debounce_down_us ya 9 ms ndi debounce_up_us ya 30 ms (nthawi yonyalanyaza kunjenjemera kwa batani podina ndi posiya), ndi poll_timeout_us ya 100 ms, imene ikatha popanda batani lodinidwa EC imabwerera kukagona. Pa mtundu woyamba wa bolodi yathu manambalawa ankagwira ntchito popanda chovuta.

Kutsata chilembo chachiwiricho

Poyamba ena ankati ndi zala za olemba, chifukwa kawirikawiri D ankabwera ndi F, ndipo mabatani awiriwa ndi oyandikana. Koma chala sichingadine A n'kukhudza D popanda kukhudza S amene ali pakati pawo, ndipo S ankabwera ndi K, wa kudzanja linalo. Kunjenjemera kwa batani nakonso tinakuchotsa msanga, poti batani lonjenjemera limabwereza chilembo chomwecho, "aa" osati "ad". Ghosting, pamene batani losadinidwa limaoneka ngati ladinidwa chifukwa cha kulumikizana kwa mawaya, imafuna mabatani atatu odinidwa pamodzi, pamene pano chala chinali chimodzi.

Tinalemba awiriawiri onse amene oyesa anaona: A ndi D, D ndi F, F ndi S, S ndi K, K ndi J. Pa kiyibodi sizioneka kugwirizana, koma pa tebulo la mawaya zili pamzere umodzi. Onsewa ali pa row 4, ndipo ma column awo ndi otsatizana: A pa 1, D pa 2, F pa 3, S pa 4, K pa 5, J pa 6. Chilembo cholowerera nthawi zonse chinali cha column yotsatira. J yekha sankabweretsa mnzake, ndipo chifukwa chake chinatitsimikizira kuti tili panjira: pa column 7, row 4 palibe batani, ndipo actual_key_mask (nambala yosonyeza malo amene ali ndi batani) ya column imeneyo, 0xa4, imafufuta chilichonse chooneka pamalowo. Tikanakhala kuti yovuta ndi row 5, M akanamadina Shift yakumanzere, imene ili pa column 7, ndipo dandaulo likanakhala la zilembo zazikulu zongotulukira.

Pa console ya EC tinayatsa ksstate, imene imasindikiza ma column onse 13 chinthu chikasintha. Titagwira A pa yuniti yovuta, mzere wabwinobwino unkayamba ndi "-- 10 -- --", koma mwa apo ndi apo pankabwera "-- 10 10 --". Malo aliwonse pa mzerewo ndi column imodzi, ndipo 10 akutanthauza row 4: bit yomweyo, column yoyandikana nayo.

Oscilloscope, chida choonetsa mmene volteji ikusinthira, inamaliza nkhani. EC ikasiya column 1, row 4 siinkabwerera ku 3.3 V nthawi yomweyo, inkakwera pang'onopang'ono, ndipo 50 µs ikamakwana inali isanafike bwino pamene chipu imati ndi 1. Pa bolodi yachiwiri, anzathu a hardware anaonjezera capacitor ya 470 pF pa waya aliyense wa kiyibodi, row ndi column yemwe, pofuna kuteteza chipu ku ESD, magetsi a static otuluka mwadzidzidzi. Chifukwa chawo n'chomveka. Koma ma column ndi open-drain: EC ikasiya column, palibe chimene chimaikankhira m'mwamba. Batani likadali lodinidwa, pull-up imodzi ya row iyenera kudzaza ma capacitor awiri, ya row ndi ya column, kuphatikizapo mawaya a riboni ndi a membrane. Zili ngati kudzaza ndowa ziwiri pa mpopi wotuluka madzi pang'ono.

Masamu ake ndi apafupi. Datasheet ya chipu yathu imati pull-up imakhala pakati pa 30 ndi 50 kΩ, kawirikawiri 40. Ma capacitor awiri ndi mawaya zimafika cha m'ma 1 nF. Ndiye RC, kutanthauza pull-up kuchulukitsa ndi capacitance, ndi 40 µs, ndipo kuti volteji ifike pa 0.7 ya 3.3 V, pamene datasheet imatsimikiza kuti iwerengedwa ngati 1, pamafunika RC kuchulukitsa ndi 1.2, yomwe ndi 48 µs. Pa yuniti imene pull-up yake ili ku 50 kΩ ndipo ma capacitor apitirirako pang'ono mpaka zonse kufika 1.1 nF, yankho ndi 66 µs. Machipu ambiri amatembenuka volteji isanafike pa 0.7 ija, n'chifukwa chake mayuniti ambiri ankapulumuka. Ochepa aja anali m'mphepete penipeni, ndipo row 4 ndiyo inkachedwa kuposa zinzake pa membrane yathu.

Vuto la mtundu umenewu n'lodziwika kale. Mu keyboard_scan.c momwemo muli mawu ofotokoza kuti pa mabolodi amene column 2 imadutsa mu chipu ya chitetezo ya H1, kudikirako kunakwezedwa kufika 80 µs, chifukwa kupanda kutero kudina batani la Refresh kumadinanso T. Refresh ali pa row 2, column 2, ndipo T ali pa row 2, column 3.

Chifukwa chake mayeso sankaona

Tinali ndi mayeso a mitundu iwiri. Oyamba ndi kb_scan, amene amabwera ndi Chromium EC ndipo amayenda pa kompyuta wamba popanda bolodi, ukangolemba make run-kb_scan. Code yeniyeni ya keyboard_scan.c imamangidwa, koma mbali yokhudza mapini imalowedwa m'malo ndi kiyibodi yoyerekezera. Mayeso amadina batani poika bit mu tebulo, n'kuona ngati EC yanena kusintha kapena ayi. Amayesa debounce, ghosting, mabatani ogwiridwa makina akamayaka monga Esc wa recovery, kuphatikiza kwa Alt, Volume Up ndi R kapena H, komanso kuti chivundikiro cha laputopu chikatsekedwa kiyibodi isiye kuwerengedwa. Ndi mayeso abwino, ndipo amagwira ntchito imene anawalembera.

Koma kiyibodi yoyerekezerayo ilibe magetsi. Ukaifunsa ma row, imakuyankha ndi zimene zili mu tebulo pa column imene yatsitsidwa nthawi imeneyo, basi. Siidziwa kuti column yapita ija inasiyidwa liti. Mutaika output_settle_us pa 0, kb_scan idutsabe. Ngakhale ghosting yake si yochokera m'mawaya: mayeso amadina okha ngodya zonse zinayi, mabatani anayi a pamene ma row awiri akumana ndi ma column awiri, n'kuona ngati EC yakana. Ndiye chimene chimayesedwa n'chakuti EC imakana ngodya zinayi ikaziona, osati kuti mabatani atatu enieni amabala lachinayi pamalo amene tikuganiza.

Code yokana ghosting siikanagwira vuto lathu, ndipo siiyenera kutero. Imayang'ana ma column awiriawiri, n'kukana pokhapokha ngati akugawana ma row awiri kapena kuposa. A ndi D amagawana row imodzi. Kwa EC, amenewo ndi mabatani awiri odinidwa ndi zala ziwiri, zomwe olemba mofulumira amachita tsiku lonse.

Mayeso achiwiri anali a pa bolodi yeniyeni, ndipo awa ndiwo ankatipatsa chikhulupiriro chonama. Script inkatumiza kbpress ku console ya EC pa batani lililonse, n'kuona ngati Linux yalandira chilembo choyenera. Njira yonse yochokera ku EC, kudutsa MKBP (njira imene EC imauzira purosesa za mabatani) mpaka ku evdev (pamene Linux imaperekera zodinidwazo ku mapulogalamu), inkayesedwadi. Koma kbpress siikhudza waya. Imaika bit mu tebulo la simulated_key, limene limaphatikizidwa ndi zowerengedwa pa mapini kuwerengako kutatha. Mukhoza kuzula riboni ya kiyibodi, mayesowo n'kudutsa onse. Maganizo anga ndi akuti mayeso a kbpress asamatchedwe a kiyibodi pa lipoti lililonse, chifukwa owerenga amaganiza kuti mabatani anayesedwa pomwe chinayesedwa ndi tebulo la ma scancode ndi njira yopita ku purosesa.

Kuipatsa nthawi kiyibodi yoyerekezera

Sitinakhudze kb_scan, kuti tizitha kutenga zosintha zochokera ku Chromium EC popanda kulimbana nazo. Tinalemba mayeso ena pambali, okhala ndi kiyibodi yoyerekezera yawoyawo, imene ili ndi zinthu ziwiri zatsopano.

Choyamba ndi nthawi. Nthawi iliyonse EC ikasintha column, kiyibodi yoyerekezera imayang'ana ma row amene anali pansi ndipo tsopano asiyidwa, n'kulemba nthawi imene asiyidwayo. EC ikabwera kudzawerenga, row imanenedwa kuti ili pansi ngati yalumikizidwa ku column yotsitsidwa, kapena ngati nthawi yobwerera m'mwamba siinakwane. Nthawi yobwererayo siilembedwa pamanja. Imawerengedwa kuchokera mu kafayilo ka bolodi kokhala ndi pull-up yaikulu koposa, capacitance ya row ndi ya column, ndi malire aja a 0.7. Ngati pa row imodzi padinidwa mabatani awiri, ma column onse awiri amawerengedwa, chifukwa pull-up iyenera kudzaza onse. Izi zinali zotheka chifukwa wotchi ya firmware yomangidwira pa kompyuta siyeniyeni: mu code imene tili nayo, imayenda microsecond imodzi nthawi iliyonse wina akaifunsa, osatengera wotchi ya kompyuta. Choncho mayeso amatuluka chimodzimodzi pa laputopu yanga ndi pa seva yodzaza ntchito ya CI, imene imayendetsa mayeso yokha. Choyenera kukumbukira n'chakuti kiyibodi yoyerekezera nayo ikafunsa nthawi imakankha wotchiyo, ndiye malire amasuntha ndi ma microsecond ochepa. Pa nkhani ya 50 ndi 66 zimenezo sizisokoneza.

Chachiwiri ndi kuyenda kwa magetsi kudutsa m'mabatani. Kiyibodi ya laputopu ilibe ma diode, ndiye column yotsitsidwa imagwetsa row, row imeneyo imagwetsa column ina kudzera pa batani lachiwiri, ndipo column inayo imagwetsa row ina kudzera pa lachitatu. Kiyibodi yoyerekezera imatsata kulumikizana kumeneku mpaka kutatha, ndiye batani lamzukwa, lija la ghosting, limabadwa lokha monga limachitira pa membrane.

Pamwamba pa ziwirizi tinaika lamulo limodzi lokha, lakuti EC isanene batani limene mayeso sanadine. Ikhoza kuchedwa kunena, ikhoza kukana kunena pamene pali ghosting, koma yabodza ayi. Lamuloli tinaliyendetsa pa batani lililonse palokha, pa awiriawiri onse, ndi pa atatuatatu okhawo amene amapanga ngodya, popeza atatu osagawana row kapena column sangabale mzukwa. Kuyesa atatuatatu onse pa malo 104 kukanakhala maulendo 182,104, ambiri a iwo opanda phindu.

Tisanasinthe kanthu mu firmware, tinayendetsa mayeso atsopanowa pa 50 µs ndi manambala a bolodi yachiwiri. Anagwa, ndipo anagwa pamalo oyenera: A ndi D, S ndi K, J yekha ali bwino. Popeza kafayilo kaja kali ndi manambala oipitsitsa pa ma row onse, ma row enanso anagwa, Q akubweretsa E, M akubweretsa Shift. Ndi manambala a bolodi yoyamba, yopanda ma capacitor, anadutsa. Titakweza kudikirako pang'onopang'ono, a batani limodzi palokha anayamba kudutsa pafupi ndi 66, mogwirizana ndi masamu. Mayeso amene sanagwepo ndi vuto limene anawalembera sindiwawerengera, n'chifukwa chake gawoli tinalisunga: mu CI muli kachigawo kamene kamatsitsa dala output_settle_us n'kuyembekezera kugwa. Tsiku limene kachigawoko kadzadutsa, ndiye kuti wina wathyola kiyibodi yoyerekezera.

Mayeso a atatuatatu anaonetsanso chinthu chimene ambiri sachiganizira akamasuntha mabatani pa tebulo. Mask imagwiritsidwa ntchito ghosting isanayang'anidwe, ndiye ngati ngodya yachinayi ilibe batani, mzukwa umafufutidwa ndipo atatu enieni aja amadutsa. Ndicho chifukwa chake Ctrl, Shift ndi Alt ali pa ma column 0, 7 ndi 10, amene ali ndi mabatani ochepa. Kasitomala wathu anali atapempha batani lina loonjezera, ndipo malo amene ankaoneka opanda kanthu pa column 7 ndiwo ankakopa. Mayeso anaonetsa kuti kutsegula bit imeneyo mu mask kungachititse kuti Shift pamodzi ndi zilembo zina ziwiri zizikanidwa. Batanilo lidzapita kwina.

Chala cha magetsi

Kiyibodi yoyerekezera imangodziwa manambala amene taipatsa. Kuti tione ngati manambalawo ndi oona, tinapanga kachida kodina mabatani pa waya weniweni. Ndi kabolodi ka Raspberry Pi Pico ndi ma multiplexer (machipu osankha waya umodzi mwa ambiri) awiri a CD74HC4067, wina wosankha column, wina wosankha row, mapini awo a pakati atalumikizidwa. Pico ikasankha column 1 ndi row 4 n'kutsegula onse awiri, EC imaona A wadinidwa. Kachidaka kamalowa pakati pa riboni ndi bolodi, kiyibodi yeniyeni ili pomwepo, kuti capacitance ya membrane isachoke pa muyeso. Ma multiplexer amaonjezera capacitance yawo pang'ono, ndiye zotsatira zimapendekera koipa, ndipo ife zimenezo tinazilandira.

Popeza bolodi yathu imagwiritsa ntchito MKBP, ectool keyconfig imatilola kusintha nthawi yodikira makina ali moyaka, popanda kumanganso firmware. Script imayamba pa 100 µs n'kumatsika, ikudina batani lililonse mobwerezabwereza, ikuwerenga zochokera ku evdev, mpaka chilembo chabodza choyamba chitatuluka. Nambala imene yagwerayo ndiyo timalemba pa yuniti iliyonse. Pa mayuniti abwino inkagwa pansi pa 50 ndithu, pa ovuta aja pamwamba pang'ono pa 50, ndipo palibe inapitirira 66. Muyeso umenewu ndi wothandiza kuposa kungoti yadutsa kapena yagwa, chifukwa umaonetsa kuti yuniti yatalikira bwanji ku phompho. Ena mwa mayuniti amene oyesa ankati ndi abwino anali ndi mpata wochepa kwambiri.

Kachidaka kamadina batani limodzi lokha panthawi imodzi, ndiye ghosting imayesedwabe pa kompyuta basi. Komanso Pico imatseka ndi kutsegula mwaukhondo, zomwe batani lenileni silichita. Tinaiphunzitsa kunjenjemera kwa ma millisecond ochepa podina ndi posiya, mwachisawawa, ndipo seed, nambala yoyambira chisawawacho, imasindikizidwa kuti kugwa kulikonse kuzitha kubwerezedwa.

Zimene tinasintha mu firmware

Panali ganizo loyatsa CONFIG_KEYBOARD_STRICT_DEBOUNCE. Mwa nthawi zonse, code imene tili nayo imanena batani pamene yangoliona koyamba, kenaka n'kunyalanyaza kusintha kwake mpaka nthawi ya debounce itatha. N'chifukwa chake kuwerenga kumodzi kolakwika kunkakwanira kulemba chilembo. Ya strict imadikira nthawiyo ithe kaye isananene. Titaiyesa pa kachida kaja, zilembo zabodza zinachepa kwambiri, ndipo ena anati vuto latha. Ndinakana. Ngati D wabodza aonekanso pa kuwerenga kumene debounce ikuthera, adzanenedwabe, ndipo pa yuniti yoipitsitsa amaoneka nthawi yonse imene A wagwiridwa. Tikanalipira 9 ms pa batani lililonse kuti vuto likhale losowa, lovuta kulibwereza, koma lilipobe.

Tinakweza output_settle_us kufika 100 µs. Mtengo wake tinauwerengera, chifukwa kudikirako ndi udelay, EC siichita china chilichonse panthawiyo kupatula ma interrupt ndi ntchito zoposa kiyibodi pa priority. Ma column 13 pa 50 µs ndi 650 µs. Pa 100 µs ndi 1.3 ms. Kuphatikiza ndi min_post_scan_delay_us ya 1 ms, zonse ndi 2.3 ms, zimene zikukwanabe mu 3 ms. Pa 150 µs zikanafika 2.95 ms, ndiye mpata wokwezeranso ulipo koma ndi wochepa. Mayeso atsopano ali ndi chiganizo choyang'ana zimenezi, kuti wina akadzakweza mopitirira adziwe kuti wayamba kuchedwetsa kuwerenga konse.

Anzathu a hardware agwirizana zotsitsa ma capacitor kufika 100 pF pa bolodi yachitatu ndi kuika ma TVS diode oteteza ku ESD m'malo modalira capacitance. Kafayilo ka manambala a bolodi tsopano kali pa mndandanda wa zinthu zoyang'anidwa schematic ikasintha, ndipo kamasainidwa ndi wa hardware, osati wa firmware. Mayeso a pa kompyuta amayenda pa commit iliyonse. Kachida ka Pico kamayenda usiku pa mayuniti awiri, imodzi mwa yovuta ija ndi imodzi yabwino, ndipo CI imagwa ngati yuniti iliyonse yatulutsa chilembo chabodza pa 70 µs kapena pamwamba. Pa bolodi yachitatu 100 µs ikhala pomwepo mpaka kachidaka katayesa mayuniti oyamba ochokera ku fakitale.